Mbande za Loweruka

Lachisanu pa 10 Novembala, pamaso pa makolo ndi ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi, mphunzitsi ananena kuti mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi ndi wabodza. Mtsikanayo sankanama. Mphunzitsiyo ankadziwa bwino lomwe kuti sakunama, popeza chimene mwanayo ankanena anachichita ndi iye mwini, ndi manja ake, Loweruka la sabata yam'mbuyo.

Pasukulupo ana amayamba tsiku ali panja. Belu likalira salowa m'kalasi. Amapachika zikwama pamisomali ya pakhonde n'kutsikira kumunda, kuseri kwa thanki ya madzi, kumene kuli zipika zokhalapo, bolodi yokhomedwa pamtengo, ndi botolo lodulidwa kukamwa loyezera mvula. Masamu amawaphunzira poyeza mthunzi ndi chingwe, kapena pogawa bedi la ndiwo m'zigawo zofanana. Kulemba amakuphunzira pofotokoza chimene chili patsogolo pawo, kaya nyerere zikukoka chiwala chakufa, kaya tsamba lodyedwa ndi mbozi. Dzuwa likakwera m'pamene amalowa m'kalasi, mawondo ali mbuu, zikhadabo zili bii.

Mphunzitsi wa kalasiyo ana ankamutchula kuti a Jombo, chifukwa kaya ndi dzinja kaya chilimwe ankavala jombo zomwezo. Anali munthu wodziwa ntchito yake, ndipo anali ndi lamulo limodzi limene ana onse ankaliloweza: usanene chimene sunaone. Mwana akalemba kuti gulugufe anali wosangalala, a Jombo ankamubwezera kope n'kumufunsa kuti chisangalalocho anachiona paphiko liti.

Pa 2 Okutobala kalasiyo inafesa njere za msangu m'machubu makumi atatu, mwana aliyense chubu chake. Dothi anasakaniza okha, manyowa akuda a padzenje la sukulu ndi mchenga pang'ono, ndipo aliyense anajambula chizindikiro chake pachubu ndi penti yoyera. A Jombo anawauza kuti njere ya msangu ili ndi khungu louma ngati fupa, n'chifukwa chake anthu a kunazale amaicheka pang'ono, kapena kuiviika m'madzi otentha, kuti imere msanga. Pamenepo panakwezeka dzanja. Linali la mwana wa mayi wina wosoka zovala, mtsikana amene anzake ankamuti Mafunso.

"Nanga kutchire amazicheka ndani?"

Kalasi inakangana m'mawa wonse. Ena ankati mbuzi, ena mvula, ena chiswe. Pomaliza anagwirizana kuti njerezo asazicheke, aone kuti mtengo pawokha umatenga nthawi yaitali bwanji. A Jombo anavomera, ndipo masana ake anakadzitama kwa aphunzitsi anzawo kuti funso ngati limenelo silimera pakati pa makoma anayi.

Sabata inatha, ina inatha. Ana ankathirira m'mawa uliwonse, kuyang'ana, n'kulemba chimene aona, ndipo chimene ankaona chinali dothi.

Si makolo onse amene ankakondwera ndi maphunziro apanjawa. Wapampando wa komiti ya makolo, bambo woyendetsa lole, anali atanena kangapo konse kuti iye anatumiza mwana wake kusukulu osati kuganyu, kuti sopo kunyumba kwake akutha ngati mchere, ndiponso kuti mayeso sadzafunsa kumene nyerere inkapita. M'komitimo munali anthu asanu ndi awiri. Atatu, pamodzi ndi wapampandoyo, ankafuna kuti kalasiyo ibwerere m'kati. Awiri ankakana, ndipo wolankhula kwambiri mwa iwo anali mayi ake a Mafunso, amene aliyense ankangowati atelala. Awiri otsalawo ankapendekera kumene kwapita mphepo.

Kumapeto kwa Okutobala wapampando anadutsa pasukulupo m'mawa, napeza ana ali pamzere ndi makheni othirira. Anaima manja ali m'chiuno, nayang'ana machubuwo mmodzimmodzi, kenaka analankhula mokweza kuti ana amve.

"Aphunzitsi, mwezi wathunthu kuthirira dothi? Ngakhale wamisala amatopa."

Ana ena anaseka. A Jombo anauza ana kuti apitirize kuthirira, koma mawuwo anawasunga pamtima. Tsiku lomwelo wapampando anauza ahedi kuti pa 10 Novembala makolo adzabwera kudzaona okha chimene ana awo akuchita kumundako, ndipo komiti idzavota pomwepo.

Loweruka pa 4 Novembala a Jombo anamangirira kireti panjinga. Anapita kunazale ya m'mbali mwa msewu, nasankha mbande za msangu zazing'ono kwambiri zimene zinalipo, koma ngakhale zimenezo zinali zitatalika kuposa chala. Anadzera kunyumba kukatenga supuni yakale yokumbira. Akazi awo anasuzumira m'kiretimo, ndipo sanafunikire kufotokozeredwa. Anafunsa ngati ana omwe aja anawaphunzitsa kuwerenga miyendo ya bongololo ndi amene akufuna kuwaphimba m'maso lero.

"Sindikupusitsa ana ine," anatero a Jombo. "Ndikutseka pakamwa pa munthu mmodzi."

Akazi awo anati pakamwa pa munthu mmodzi sipatsekedwa ndi maso a ana makumi atatu. A Jombo anayankha kuti za kusukulu azisiyire a kusukulu, nakwera njinga.

Pasukulu panalibe munthu. Anagwira ntchitoyo mosamala, monga ankachitira china chilichonse. Chubu chilichonse ankakumba pakati, dothi pamodzi ndi njere yake n'kuthira m'wilibala, n'kulowetsa mbande ndi dothi lake la kunazale, n'kukwirira pamwamba ndi manyowa akuda, n'kuthirira. Mbande yokongola kuposa zonse anaiika m'chubu cha Mafunso, chifukwa ankamukonda mwanayo. Machubu anayi anawasiya osakhudza, kuti bodza lifanane ndi zoona. Atatu anangowasankha mwachisawawa. Chachinayi anachisankha dala: chinali cha mwana wa wapampando. Atatha anakankha wilibala kukakhuthula kudzenje la zinyalala.

Lolemba ana atatsikira kumunda kunali chiphokoso. Ankadumpha, kukumbatirana, kuitana a makalasi ena kuti adzaone. Mafunso yekha anagwada pachubu chake. Anakhudza tsinde ndi chala, nayang'ana pansi pa masamba, kenaka anakweza dzanja ngakhale kuti a Jombo anali pafupi naye. Anati Lachisanu dothi linalibe ngakhale mng'alu. Anati nyemba zimene anadzala chaka chatha zinatuluka zitaweramira pansi, zitavala khungu kumutu ngati chipewa, zili zofewa, pamene izi zaima chilili, tsinde lolimba, masamba ambirimbiri. Zatheka bwanji m'masiku awiri?

A Jombo anati msangu si nyemba, ndipo anamutuma kukatunga madzi.

Lachiwiri anafunsanso. Ulendo uno a Jombo anamuuza kuti akusokoneza anzake, akasese pakhonde mpaka belu lilire. Chiyambire sukuluyo, mwana anali asanachotsedwepo kumunda chifukwa chofunsa. Anzake anamuyang'ana akukwera ndi tsache, ndipo ena mwa iwo anayang'ananso mbande zawo mokayika. Koma mbandezo zinali zobiriwira, zinali m'machubu okhala ndi zizindikiro zawo, ndipo mwana amene wadikira mwezi wathunthu safuna kumva kuti chimene wapeza si chake. 

Amene anavutika sabata imeneyo anali eni machubu anayi aja, makamaka mwana wa wapampando, mnyamata wamanyazi amene ankakhala kumapeto kwa chipika. Anzake ankamunena kuti njere yake yamva zimene bambo ake ananena ndipo yakwiya. Iye ankathirira basi.

Lachinayi m'mawa, pa 9 Novembala, dothi la m'chubu chake linang'ambika. Pamng'alupo panaoneka kakhosi kotuwa, kopindika ngati mbedza. Mnyamatayo anakuwa mpaka ahedi anatulukira pawindo. Pofika masana kambewuko kanali katadzutsa mutu, khungu la njere likadali kumutuko. Anakayeza ndi kamtengo ka machesi. Kalasi yonse inazungulira chubucho, ndipo palibe mwana amene anafunika kuuzidwa kuti ndi mmene msangu umatulukira. Ankayang'ana kameneko, n'kuyang'ana zawo.

A Jombo nawonso anaona. Anali ndi masana onse a Lachinayi ndi m'mawa wa Lachisanu kuti anene zoona kwa ana, kapena kwa ahedi. Lachisanu m'mawa chubu china mwa anayi aja chinang'ambikanso, ndipo munthu wodziwa mbewu ngati iwo sakanalephera kuzindikira tanthauzo lake: njere zimene anataya zinali pafupi kumera. Anangouza ana kuti akonze machubu pamzere wowongoka, makolo akubwera.

Makolo anafika masana, nakhala pazipika za ana awo. Atelala anabwera molunjika kuchokera kushopu, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Wapampando anafika mochedwa, atavala zovala zantchito, ndipo asanapereke moni kwa aliyense mwana wake anamugwira dzanja kumukokera kumachubu. Madzulo a dzulo lake mnyamatayo anali atalankhula za kambewuko kuyambira pachakudya mpaka pogona, ndipo bamboyo anali asanamvepo mwana wake akukamba za kusukulu osafunsidwa. Ananjuta pamenepo, munthu wamkulu thupi, akuyang'ana kanthu kosafika kutalika kwa machesi, mwana akumufotokozera kuti apa ndi khosi, apa ndi khungu, muzu uli pansi. Atadzuka anapita pamene panakhala atelala, nawanong'oneza kuti mwina voti ingadikire kaye, aone teremu yamawa. Atelala anamufunsa ngati sopo watsika mtengo. Anaseka onse awiri.

Msonkhano utayamba, a Jombo anafotokoza za ntchito ya ana, nalozera mzere wa mbande zobiriwira. Makolo anaomba m'manja. Wapampando ndiye anafunsa, osati mwachipongwe ayi, koma ngati kholo limene likumvera mwana wake chisoni: popeza zonse zinafesedwa tsiku limodzi, bwanji ya mwana wake yachepa chonchi?

Funsolo linali lofewa, koma a Jombo anali akadali ndi mawu aja a wamisala pamtima. Anayankha kuti njere zili ngati ana, zina zimachedwa, ndipo kawirikawiri zimatengera kumene zachokera. Makolo angapo anaseka chamumtima. Mnyamata uja anaweramitsa mutu.

Mafunso anaimirira osakweza dzanja.

"Yoona ndi ya iyeyu, ndi ina yatuluka lero. Zinazi si zathu."

Ahedi anayang'ana a Jombo. A Jombo anayang'ana makolo onse aja, maso awo ali pa iwo, ndipo anasankha.

"Khala pansi. Makolo, mundikhululukire, mwana uyu ndi wabodza. Sabata yonse wakhala akudzaza anzake mabodza."

Mtsikanayo sanakhale pansi. Anangoima, maso ali pa aphunzitsi ake.

Atelala anadzuka pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. Anapita pamzere wa machubu, nafunsa mwana wawo kuti chake n'chiti. Anachinyamula, natulutsa sizasi m'thumba la epuloni, n'kucheka pulasitikiyo kuyambira pamwamba mpaka pansi monga amachekera nsalu. Manyowa akuda anakhuthukira pansi. M'dzanja mwawo munatsala chibuma cha dothi lofiira, chozungulira bwino ngati chaumbidwa m'kachubu kakang'ono, mizu itachizinga. Pasukulu ponsepo palibe dothi lofiira. Anacheka chachiwiri, cha mwana wina. Chimodzimodzi. Anacheka chachitatu, nayala zibuma zitatuzo pachipika, patsogolo pa ahedi.

"Aphunzitsi," anatero, "ine ndakangana ndi anthu awa chifukwa cha inu. Ndachapa matope zaka ziwiri osadandaula. Mwana uyu kunyumba kwanga sanganene kuti kunja kukuzizira asanatuluke kukaona, ndipo anamuphunzitsa zimenezo ndinu. Lero wachita zimene munamuphunzitsa, ndiye mukuti wabodza? Pamaso panga?"

A Jombo akanatha kugwetsa nkhope pamenepo. M'malo mwake anatembenukira kwa wapampando, nanena kuti amene anawapanikiza ndi iyeyo, kuti munthu sanyozedwa pamaso pa ana ake a sukulu n'kungokhala, kuti zonsezi anachitira ana omwewa kuti asatsekeredwe m'kalasi. Mawu awo ankakwera, dzanja likuloza.

Wapampando anadikira kuti amalize.

"Ine dothi lanu ndinalinyoza poyera, inu muli pomwepo. Sindinabwere kuno Loweruka. Ndipo tandiuzani, chubu cha mwana wanga munachisiya chifukwa mbande zinakutherani, kapena chifukwa ndi cha mwana wanga?"

A Jombo anayang'ana jombo zawo, ndipo yankho aliyense analidziwa. Bamboyo anavula chipewa, nachipinda m'manja mpaka chinasanduka mpira. Anauza atelala kuti zimene anawanong'oneza msonkhano usanayambe aziiwale.

Mwana wina kumbuyo anafunsa kumene kunali njere zawo. Ahedi anabwereza funsolo, ndipo a Jombo anati kudzenje la zinyalala. Ana atatu anathamangira komweko asanaletsedwe, koma anabwerera manja ali phulusa. Dzenjelo limatenthedwa Lolemba lililonse, ndipo Lolemba limenelo amene ananyamula mapepala ndi masamba ouma kukathira pamwamba anali ana a kalasi yomweyo, pa nthawi yawo yosesa. Mtsikana wina anayamba kulira. Mafunso sanalire. Anafunsa funso limodzi, ndipo sanatchule kuti akufunsa ndani.

"Ndiye zathu zikanamera?"

Panali akuluakulu oposa makumi awiri pamenepo. Aliyense anayang'ana mnzake.

Voti sinachitike tsiku limenelo, chifukwa msonkhano unathera m'phokoso. Ahedi analamula kuti kuyambira Lolemba pa 13 Novembala kalasi yachisanu ndi chimodzi iziphunzira m'kati tsiku lonse mpaka komiti itagamula. Makalasi ena anapitiriza kutsikira kumunda. Belu likalira, ana a a Jombo ankakhala pamadesiki n'kumamva anzawo akukangana za mthunzi kuseri kwa thanki, ndipo a Jombo ankajambula mbewu pabolodi ndi choko, muzu pansi, masamba pamwamba. Akafunsa ngati pali funso, manja sankakwera.

Komiti inakumana pa 24 Novembala. Awiri opendekera aja anali atasankha mbali. Anati ana amene angagwire mphunzitsi wawo pa nkhani ya mbewu ndiye kuti aphunzira ndithu, ndipo munda usalangidwe chifukwa cha munthu. Anakweza manja pamodzi ndi mnzawo wa atelala uja, nakhala atatu. Wapampando ndi anzake awiri anati mwana wawo sangamusiyenso kutchire ndi munthu amene amasankha mwana womulanga poyang'ana bambo ake. Nawonso atatu. Onse anayang'ana atelala, amene dzanja lawo likanathetsa nkhani, ndipo atelala anali atapinda manja pachifuwa. Anati maphunziro apanja amawafuna lero monga ankawafunira kale, koma sakweza dzanja kufikira mphunzitsiyo ataima pamalo omwe aja, pamaso pa makolo ndi ana omwe aja, n'kunena ndi pakamwa pake kuti mwana wawo sananame.

Mawa lake a Jombo anapita kushopu kwa atelala. Anaima pakhomo, pakati pa madiresi opachika, napepesa. Ananena kuti analakwa, kuti mwanayo ndi wanzeru kuposa onse amene anawaphunzitsapo, kuti ali okonzeka kumupepesa iye mwini muofesi ya ahedi. Atelala sanaimitse makina. Anamaliza msoko, nadula ulusi ndi mano.

"Chimene munang'amba pagulu musabwere kudzasokera kuseri."

A Jombo anatuluka atakwiya kuposa mmene analowera. Kwa ahedi anati mphunzitsi amene waima pamaso pa ana n'kunena kuti wabodza ndine sangadzaimenso patsogolo pawo, ndipo mayiyo akufuna kuwavula pagulu. Ahedi anawakumbutsa kuti anawo akudziwa kale. Akazi awo anawauza zomwezo, m'mawu ochepa. Iwo anati adzaganiza.

Kuchokera Loweruka limene anakumba machubu kufika Lachinayi limene njere yoyamba inamera panali masiku asanu. Munthu amene anaphunzitsa ana kudikira mwezi wathunthu analephera kudikira amenewo, ndipo chimene ankafuna kupulumutsa chinali chitatsala pang'ono kudzipulumutsa chokha, m'chubu cha mwana wa mdani wake. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komiti inakumananso pa 8 Disembala. Manja anali atatu uku, atatu uku, ndipo a atelala anali akadali pachifuwa. Sukulu inatsekera sabata yotsatira, a Jombo asanapepese pagulu.